Mwana wa ku Bangwe, foni ya amayi ake, ndi ma app a zaumoyo

Makolo ambiri mu Blantyre nkhani ya mwana ndi foni amaikamba modandaula. Mwana sakugona, sakuwerenga, nsima akudya ndi dzanja limodzi lina lili pafoni. Koma kwa zaka zoposa khumi tsopano, akatswiri a zaumoyo m'mayiko osiyanasiyana akhala akuyesa kuti foni yomweyo izigwira ntchito ina: izikumbutsa mnyamata kapena mtsikana kuti athamangeko, adye zamagulu, agone nthawi yabwino, amwe mankhwala ake, atalikirane ndi fodya ndi mowa. Mapulogalamu otere, omwe anawo amangoti ma app, alipo ambirimbiri, ena amabwera ali kale m'foni pogula. Tisanawaombere m'manja kapena kuwanyoza, ndi bwino tidziwe momwe amagwirira ntchito, zomwe ofufuza apeza, komanso mwana amene angapindule nawo mumzinda ngati wathu uno.

Chidwi chili pa achinyamata chifukwa ndiwo ambiri, komanso chifukwa zomwe munthu wazolowera pakati pa zaka 13 ndi 19 kawirikawiri amakalamba nazo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'Malawi, ndipo pafupifupi theka anali osakwana zaka 18. Mzinda wa Blantyre wokha unali ndi anthu pafupifupi 800,000. Osuta fodya ambiri padziko lonse anayamba ali achichepere. BP, shuga ndi sitiroko, matenda omwe kale tinkati ndi a anthu olemera, lero akudwalitsa anthu a m'makwalala mwathu momwe muno, ndipo mizu yake imayamba kale munthu asanamve kupweteka paliponse. Kafukufuku wa bungwe lofufuza za matenda la MEIRU ku Lilongwe ndi ku Karonga, yemwe anasindikizidwa mu 2018, anapeza kuti amayi oposa 4 mwa 10 aliwonse a mumzinda anali ndi thupi lopitirira muyezo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita masewera otulutsa thukuta kwa mphindi 60 tsiku lililonse, koma litawerengera m'mayiko ambiri linapeza kuti achinyamata 81 mwa 100 aliwonse a zaka 11 mpaka 17 safika pamenepo. Atsikana ndiwo anatsalira kwambiri, 85 mwa 100, pomwe anyamata anali 78.

Kwathu kuno vutoli lili ndi mbali ina imene wopanga app ku London kapena ku California sayiganizira. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo mayi mmodzi mwa atatu a zaka 15 mpaka 49 anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Ana opinimbira aja ndi omwe lero ali m'makalasi omaliza a pulayimale ndi ku sekondale. Choncho m'kalasi imodzi ya Fomu 2 mumakhala mwana amene akunenepa ndi tchipisi ndi zakumwa zotsekemera, desiki yomweyo n'kukhalanso mnzake amene wabwera osaika kanthu kukamwa. Uthenga woti "chepetsa kudya" ungathandize woyambayo, koma wachiwiriyo ungamuvulaze.

Zomwe zimachitika mkati mwa foni

Pafupifupi foni iliyonse yatachi ili ndi kachipangizo kamene kamamva foniyo ikagwedezeka. Ndi komweko kamene kamatembenuza chithunzi mukapendeketsa foni. Mapulogalamu monga Google Fit ndi Samsung Health amamvetsera kugwedezekako n'kuwerengera masitepe amene mwini foni wayenda. Za chakudya foni siingadziwe yokha, munthu amachita kulemba zomwe wadya. Za tulo imangoganizira poona nthawi imene yakhala osakhudzidwa, kapena imadalira kuti mwini wake aiuze.

Kuwerengera kokha sikusintha munthu, n'chifukwa chake opanga ma app amaonjezera njira zokopa. Amamupatsa mwana cholinga chaching'ono cha lero lokha. Foni imalira madzulo kumukumbutsa kuti watsala pang'ono kukwanitsa. Akakwanitsa imamupatsa nyenyezi kapena mapointi, ndipo akakwanitsa masiku asanu otsatizana imamuonetsa mndandanda wa masikuwo, moti tsiku lachisanu ndi chimodzi amadandaula kuudula. Kenako imamuika pa ligi ndi anzake kuti aone amene ali pamwamba. Njirazi zili ndi nzeru yake. Mnyamata wa zaka 15 mukamuuza kuti adzadwala sitiroko ali ndi zaka 50, mwalankhula za munthu amene sakumudziwa. Mukamuuza kuti mnzake wa ku Chilomoni wamupitirira sabata ino, mawa adzuka n'kuthamanga. Pa msinkhu umenewu zomwe anzako akuganiza ndi zomwe upeze lero zimalemera kuposa za mtsogolo.

Tisaiwale kuti nyambo zomwezi ndi zimene TikTok ndi masewera a pafoni amagwiritsa ntchito kuti mwana asaike foni pansi, ndipo ndi zomwenso zili m'ma app obetchera mpira amene adya ndalama za anyamata ambiri m'tauni muno. App ya zaumoyo imalimbirana maso a mwana ndi makampani amene ali ndi ndalama zochuluka komanso akatswiri ambiri kuposa iyo.

Ofufuza apeza chiyani

Apa m'pamene nkhaniyi imafuna kudekha, chifukwa zotsatira zake si zamtundu umodzi.

Mu 2016 gemu ya Pokémon GO inatchuka padziko lonse. Kuti upambane unkayenera kuyenda m'misewu ndi foni m'manja. Ofufuza a ku America anatsatira osewera a zaka 18 mpaka 35 ndipo anapeza kuti sabata yoyamba ankayenda masitepe owonjezera pafupifupi 950 patsiku. Pofika sabata yachisanu ndi chimodzi, kusiyana kuja kunali kutatha. Kafukufuku wina wa mu 2019, woona ma app othandiza thanzi la m'maganizo, anapeza kuti patatha masiku 30 chitsitsireni app, anthu pafupifupi atatu okha mwa 100 ndiwo ankaitsegulabe. Zimakhala ngati kope latsopano teremu ikamayamba: masamba oyamba amalembedwa mwaudongo, pofika pakati pa teremu likusowa komwe lili.

Mauthenga wamba a SMS, omwe safuna n'komwe foni yatachi, ali ndi mbiri yabwinopo. Ku Britain kafukufuku wotchedwa txt2stop, wa anthu 5,800 ofuna kusiya fodya, anasindikizidwa mu 2011. Mwa omwe ankalandira mauthenga olimbikitsa, pafupifupi 11 mwa 100 anali atasiyadi patatha miyezi isanu ndi umodzi, pomwe mwa enawo anali 5 okha. Ku Kenya, pa kafukufuku wa WelTel wa mu 2010, anamwino ankatumizira anthu omwa ma ARV liwu limodzi lokha la Chiswahili sabata iliyonse, "Mambo?", kufunsa kuti zili bwanji. Wodwala ankayankha kuti ali bwino kapena ali ndi vuto. Akanena kuti pali vuto, kapena akakhala chete masiku awiri, namwino ankamuimbira. Anthu a m'gulu limeneli anamwa mankhwala mwandondomeko kuposa anzawo, ndipo ambiri mwa iwo kachilombo kanachepa m'magazi.

Koma onsewa anali makamaka akuluakulu. Njira yofanana nayo itayesedwa ku Kampala pa achinyamata a zaka 15 mpaka 22 omwa mankhwala a HIV, zotsatira za mu 2017 zinaonetsa kuti patatha chaka panalibe kusiyana pakati pa olandira mauthenga ndi osalandira, ngakhale kwa omwe anali ndi mwayi woyankha. Chomwe chathandiza bambo wa zaka 40 sichiti chithandize mwana wake chifukwa choti onse ali ndi foni. Akatswiri amene anasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana wa ma app a kadyedwe ndi masewera anapeza kuti phindu likakhalapo limakhala laling'ono, kuti kafukufuku wambiri ndi wa miyezi yochepa komanso wa m'mayiko olemera, ndiponso kuti app imachita bwino ikakhala mbali ya ntchito ina yokhala ndi anthu, monga maphunziro a kusukulu kapena uphungu, kusiyana ndi ikakhala payokha. WHO nayo, m'malangizo ake a mu 2019 a zaumoyo za pa makina, inanena poyera kuti zipangizozi sizingalowe m'malo mwa chipatala chogwira ntchito bwino.

Ine ndimaona kuti mfundo yomalizayi ndiyo yofunika kwambiri kwa ife. Foni imatha kukumbutsa ndi kulumikiza anthu. Siingagule ndiwo, siingamange bwalo la masewero, ndipo siingafunse mtsikana chifukwa chake wakhala chete.

Foniyo ndi ya ndani

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 14 wa ku Bangwe. Amadzuka kusanache, kutunga madzi, kusesa, kenako kukwera chitunda wapansi kupita kusukulu. Akaweruka amatumidwa kumsika, mwina kukagayitsa. Foni yatachi m'nyumbamo ndi imodzi, ya amayi ake, ndipo imaswera pa benchi pomwe amagulitsa tomato ku Limbe. Madzulo iye amati, "Amayi, mundibwerekeko foni ndione za kusukulu," n'kupatsidwa kwa mphindi makumi awiri batire ili pafupi kutha. Akatsegula app yowerenga masitepe, imuuza kuti lero wayenda pang'ono kwambiri ndipo ayesetse mawa. Mwana amene thupi lonse likuphwanya ndi ntchito akuuzidwa kuti ndi waulesi.

Umu ndi momwe ana ambiri a ku Ndirande, Mbayani, Chilobwe ndi Machinjiri amakumanira ndi foni. Simukhadi imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndipo chiphasocho munthu amalandira akakwanitsa zaka 16, kotero mwana wocheperapo amagwiritsa ntchito nambala ya munthu wamkulu. Sukulu zambiri, makamaka zogonera konko, siziloleza mafoni. Mafoni otsika mtengo amadzaza msanga, ndipo pakafunika malo a zithunzi, app yoyamba kufufutidwa ndi imene ilibe anzako mkati. Bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha imatsika mtengo kuposa ya intaneti yonse, choncho app yofuna data yakeyake yagonja isanayambe. Onjezerani kuzima kwa magetsi, ndi Chingerezi chimene ma app ambiri amalankhula.

Alipo ana a ku Namiwawa, Nyambadwe kapena Sunnyside amene ali ndi foni yawoyawo, amapita kusukulu pagalimoto, ndipo Loweruka amaswera pa sofa. Kwa iwowa app yowerenga masitepe ikhoza kuwatsegula maso. Kungoti nambala ya masitepe 10,000 imene ma app ambiri amaika ngati cholinga sinachokere kwa madokotala. Inayamba ku Japan cha m'ma 1965 ngati dzina lotsatsira kachipangizo kowerengera masitepe. Chomwe WHO imanena kwa ana ndi mphindi 60 zija, ndipo mpira wa miyendo, netiboli, fulaye, kuvina kapena kukwera phiri la Soche zonse zimawerengedwa, ngakhale foni itatsala kunyumba.

Pa chakudya vuto ndi lalikulu kuposa apa. Ma app ambiri ali ndi mndandanda wa zakudya za kunja. Mukafufuza nsima ya mgaiwa ndi bonya, nkhwani wotendera, futali kapena thobwa, mwina simuzipeza, ndipo mukazipeza sizidziwa kukula kwa mtanda wa kunyumba kwanu. Komanso mwana sasankha ndiwo. Amadya zomwe zaphikidwa, zomwe thumba la makolo lakwanitsa tsiku limenelo. Kumuuza kuti adye magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene a zaumoyo amatiphunzitsa, zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi mafuta, n'kwabwino, koma uthengawo ukuyenera kufikanso kwa wogula ndi wophika.

Pomwe mwana ali ndi mphamvu ndi pa kandalama kodyera pa buleki. Imani pa geti la sukulu belu likalira muone: chiwaya chikuthetheka, mandasi ndi zigege m'ndowa, mafirizi, tizakudya ta m'mapepala, ndipo cha pambali mayi wa nthochi, mtedza ndi chimanga chootcha. Chisankho chenicheni cha mwana chimachitikira pamenepo, mphindi zochepa chabe. Botolo limodzi la 300ml la zakumwa zotsekemera limakhala ndi shuga wokwana masupuni aang'ono 7 kapena 8, pomwe WHO imati ngakhale munthu wamkulu asamapitirire masupuni pafupifupi 12 patsiku, kuphatikiza wa mu tiyi ndi m'phala. Uthenga wa m'Chichewa wonena zimenezi, wotchula mtedza ndi nthochi pa mtengo womwe mwanayo ali nawo m'thumba, uli ndi ntchito kuposa app yokongola yowerengera ma calorie, womwe ndi muyezo wa mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi.

Tulo ndiye ndi nkhani yovuta mwapadera, chifukwa foni ndi imene imabera ana tulo. Madokotala a za tulo amati wa zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10. Mabandulo a usiku amakhala otsika mtengo, ndipo ndi nthawi imene makolo agona. Apa sipafunika kutsitsa chilichonse. Mafoni ambiri a Android ali kale ndi gawo lotchedwa Digital Wellbeing, loonetsa maola amene munthu wathera pa app iliyonse komanso lotha kutseka app nthawi ikakwana, ndipo silidya data. Kholo ndi mwana akhoza kuyang'ana limodzi manambalawo, koma kholo likonzeke kuonetsanso ake.

Zomwe tili nazo kale

Malawi si mlendo pa zaumoyo za pafoni. Chipatala cha pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011, bungwe la VillageReach likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo. Poyamba chinali cha amayi oyembekezera ndi ana aang'ono, kenako chinakula n'kumayankhanso za kadyedwe ndi za achinyamata m'dziko lonse. Munthu amaimba mwaulere n'kulankhula ndi wa zaumoyo weniweni. Pa Airtel pali nambala ya 321 yomvetsera mauthenga ojambulidwa. U-Report ya UNICEF imafunsa achinyamata maganizo awo kudzera pa SMS, ndipo nambala ya 116 ya Tithandizane, imene bungwe la YONECO limayendetsa, imalandira ana amene ali pa mavuto. Zonsezi zimagwira pa kafoni ka mabatani, sizifuna bandulo, ndipo zimalankhula chilankhulo cha mwanayo.

Pa mlingo wa dera, chida champhamvu kwambiri mwina ndi gulu la WhatsApp lokhala ndi munthu wamkulu wodalirika. Timu ya netiboli ya atsikana imene kochi wake amalemba kuti mawa tikumana nthawi yakuti, n'kuimbira amene wajomba kawiri, ikuchita zonse zimene app imalonjeza: cholinga, chikumbutso, anzako, ndi munthu wozindikira ukasowa. N'chimodzimodzi magulu a achinyamata a kumpingo ndi kumzikiti, makalabu a kusukulu, ndi ma Teen Club a achinyamata omwe ali ndi HIV. Amene akufuna kuthandiza ana a mu Blantyre ndi foni angachite bwino kuyambira pa magulu amenewa, n'kufunsa anawo zomwe zikuwavuta, asanalembe munthu wopanga app. Atsikana makamaka afunsidwe paokha, chifukwa chowaletsa kusewera nthawi zambiri si kusadziwa. Ndi ntchito za pakhomo, kusowa malo otetezeka, mabwalo odzaza anyamata, ndi mawu a anthu m'njira.

Kumene kungavulaze

Pa foni yobwerekana, chinsinsi palibe. Uthenga woti "kumbukira kumwa ma ARV" ukafika foni ili m'manja mwa amalume kapena mlamu, mwana waululidwa, ndipo zotsatira zake zikhoza kukhala zoopsa kuposa kuiwala mankhwala tsiku limodzi. Ku Kenya kuja uthenga sunkatchula matenda kapena mankhwala, ndipo wina aliyense wotumiza mauthenga kwa achinyamata kuno ayenera kuganiza za maso ena amene awerenge. App ya Oky, imene UNICEF inapanga pamodzi ndi atsikana kuti azitsatira masiku awo a kumwezi, inakonzedwa kuti izigwira popanda intaneti komanso kuti aliyense azilowa ndi chinsinsi chake pa foni imodzi. Ndi chitsanzo cha wopanga amene anafunsa kaye.

Palinso funso la komwe zolemba za mwana zimapita. Mu 2021 bungwe la boma la America loteteza ogula linagwirizana ndi eni app ya Flo, yotsatira msambo, pa mlandu woti inkapereka zinsinsi za ogwiritsa ntchito ku makampani monga Facebook ndi Google pomwe inalonjeza kuzisunga. Malawi tsopano ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act la 2024, ndipo MACRA ndiyo inapatsidwa udindo woliyang'anira. Koma app yopangidwa kunja imene mwana watsitsa yekha usiku ndi yovuta kuilondola. Kholo kapena mphunzitsi ali ndi ufulu wofunsa bungwe lililonse lobweretsa app kusukulu kuti zolemba za ana zikusungidwa kuti, akuziona ndani, ndipo zidzafufutidwa liti.

Ma app owerengera ma calorie ndi kulemera kwa thupi anapangidwira akuluakulu. Thupi la mwana likukula, ndipo muyezo wake umaonedwa molingana ndi zaka komanso ngati ndi mnyamata kapena mtsikana. Mtsikana amene wayamba kale kudana ndi thupi lake chifukwa cha zithunzi za pa Instagram, app yomuyamikira akadumpha nkhomaliro ikhoza kumulowetsa m'matenda. Pa foni yomweyo amakumananso ndi ogulitsa tiyi wochepetsa thupi ndi mapiritsi okulitsa mahipi, amene amalankhula motsimikiza kuposa namwino aliyense. Ligi ya masitepe nayo imasangalatsa omwe ali pamwamba. Mwana wonenepa, wolumala kapena wa mphumu amene dzina lake limakhala pansi sabata iliyonse amangotulukamo, chonsecho ndi amene ankafunika chilimbikitso kwambiri.

Chotsala ndi ndalama. Ntchito zambiri za mtundu umenewu zimayamba ndi thandizo la kunja, ndipo thandizolo likatha nambala imasiya kuyankha. Mtengo waukulu suli pa kupanga app. Uli pa malipiro a munthu woyankha mafunso, pa mayunitsi oimbira mwana amene wakhala chete, pa kukonza mauthenga akakalamba, ndi pa mgwirizano ndi makampani a mafoni kuti mwana asamalipire. Chipatala cha pa Foni chinatenga pafupifupi zaka khumi kuchoka pa kuyesedwa ku Balaka kufika poyendetsedwa ndi boma. Bungwe lobwera ndi app yatsopano ku sukulu ya ku Zingwangwa kapena Chirimba lifunsidwe tsiku loyamba lomwelo kuti chaka chachitatu adzalipire woyankha anawo ndi ndani.